Musamange ukwati pa ndalama za perekaniperekani

Mvula ikangokata, chimanga n'kulowa m'nkhokwe, Loweruka limasanduka tsiku la mahutala a galimoto. Mumsewu wa Masauko Chipembere ku Blantyre, m'misewu ya mu Lilongwe, ngakhale m'misewu yafumbi ya m'maboma, mumadutsa mdipiti wa galimoto zomangidwa maliboni, atsikana atatulutsa mitu pa mawindo, wojambula ali chiimire kumbuyo kwa pikapu. Oyenda pansi amaima n'kumawerenga galimotozo, ena n'kumati, "Awa ndiye akwatitsa." Chimene woonerera sangachione n'chakuti miyezi itatu kapena inayi m'mbuyomo, pakhonde la nyumba ina, komiti idakhala pansi ndi pepala la bajeti lomwe mbali ya zogula idadzaza mpaka kuseri, pomwe mbali ya ndalama zimene zilipo inali ndi mizere iwiri yokha. Mpata wotsalawo adautseka ndi mawu amene amamveka pafupifupi m'komiti iliyonse: "Tingokongola, zibwera pa perekaniperekani."

Mawu amenewa ndiwo amagwetsa m'mavuto achinyamata ambiri ofuna kulowa m'banja ndi ndalama zochepa, kuposa kukwera mtengo kwa keke kapena holo. Ukwati umene munthu wopeza movutikira angaukwanitse ndi umene wamangidwa pa ndalama zomwe zili kale m'manja tsikulo lisanafike, ndipo kuno kwathu njira yofikira pamenepo si kuchepetsa anthu ayi, koma kuchepetsa zoonetsera ndi kuchuluka kwa miyambo. Ziwirizi zimayendera limodzi. Munthu akangokana kukongola, amakakamizika kufunsa kuti pa zonse zalembedwa pa bajeti zija, chomanga banja n'chiti, ndipo chongosangalatsa maso a anthu odutsa n'chiti. Akafunsa moona mtima amapeza kuti zomanga banja n'zochepa, ndiponso sizidya ndalama zambiri.

Tiyambe ndi boma, poti ndilo limapereka mtchatho umene khoti limaulemekeza. Lamulo la maukwati, kusudzulana ndi maubale a m'banja lomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2015 limazindikira maukwati amitundu inayi: womangitsa kuboma, wachikhalidwe, wachipembedzo, ndi wa anthu amene akhalira limodzi nthawi yaitali mpaka kudziwika ngati banja, ngakhale wotsirizawu umafuna kuti khoti lichite kugamula. Lamulolo limati maukwati onsewa ali ndi mphamvu zofanana. Limafunanso kuti okwatiranawo akhale atakwanitsa zaka 18, zomwe malamulo aakulu a dziko lino adazitsindika atakonzedwa mu 2017. Womangitsa kwa DC amapereka chidziwitso, chimakhala poonekera masiku 21 kuti amene ali ndi chifukwa choletsa ukwatiwo anene, kenako awiriwo amabwera ndi mboni zawo n'kusainira. M'mipingo yambiri dongosolo n'lofanana ndi lomweli: maphunziro a banja, kulengeza katatu m'tchalitchi, malumbiro pamaso pa abusa kapena ansembe. Mu zonsezi mulibe pamene palembedwa za kapeti yofiira, mipando yovekedwa nsalu kapena keke ya nsanjika zisanu. Banja lomangitsidwa Lachitatu m'mawa mu ofesi ya DC ndi lomangitsidwa ku Comesa Hall kapena ku BICC anthu ali yakaliyakali, likafika kukhoti pa nkhani ya katundu kapena ya ana, limaweruzidwa ndi lamulo limodzi.

Mwambo wa makolo nawonso suli kutali ndi zimenezi. M'madera a Achewa, Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao, chomanga banja ndi ankhoswe. Mbali ziwiri zikadziwana, amalume a kuchimuna ndi a kuchikazi akavomerezana kuti ana awa ndi athu ndipo zikavuta tidzakhala pansi ndife, banjalo lakhazikika. Zizindikiro zake aliyense amazidziwa: kusinthana tambala ndi msoti, kunyemerana nkhuku yootcha, mwamuna kulandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, mkazi kulandira lichero, mthiko, chipande ndi tsache. Zonsezi zimapezeka pamsika wa pa mudzi, ndipo tanthauzo lake ndi ntchito, osati ulemerero. Kumpoto ndi ku chigwa cha Shire, kumene kuli mwambo wa lobola, nkhani ya ng'ombe kapena ndalama ndi yolemera ndithu, koma ngakhale kumeneko mabanja ambiri amagwirizana zopereka pang'onopang'ono, chifukwa chimene akufuna ndi ubale wokhalitsa. Choncho pamene komiti ikunena kuti "mwambo wathu umafuna zimenezi," ndi bwino kufunsa kuti mwambo wake uti. Diresi loyera lidafala ku Ulaya Mfumukazi Victoria itavala lotero pa ukwati wake mu 1840, ndipo kuno lidabwera m'mbuyo mwa amishoni amene adakhazikika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876. Bridal shower ndi send-off ndi za dzana dzanali. Palibe cholakwika kutengera za eni, poti ngakhale suti imene ambiri timavala ndi yobwera, koma chobwera chisamadzitche chikhalidwe pofuna kutseka pakamwa munthu amene akuti ndalama zake sizikukwana.

Vuto lenileni n'lakuti sitidasinthanitse miyambo, tidangoisanjikiza. Kale chinkhoswe chinali ukwati wokwanira. Lero chinkhoswe chili ndi holo yake, MC wake, DJ wake, nsalu yake ndi perekaniperekani wake. Pakapita mwezi kukubwera bridal shower, nayo ndi malo ake, zokongoletsa zake, zovala zamtundu umodzi ndi alangizi olipidwa. Kwina amawonjezera send-off. Kenako ukwati wa kutchalitchi, kujambulitsa pa kapinga wa hotela ina, ndi madyerero. Mwambo uliwonse uli ndi bajeti yakeyake, koma oitanidwa ndi omwe aja: azakhali omwe aja, anzake a kuntchito omwe aja, a kwaya omwe aja. Anthuwa alinso m'magulu ena atatu kapena anayi a pa WhatsApp, momwe mlembi amatumiza m'mawa uliwonse mndandanda wa omwe alonjeza ndi omwe apereka, dzina la wosaperekayo lili poyera, nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba zili pansi pake. Pofika tsiku la ukwati weniweni, matumba a abale ndi anansi amakhala atakamidwa kale katatu. Tsono chinthu choyamba chimene banja la ndalama zochepa lingachite, lisanayambe n'komwe kunenerera mtengo wa keke, ndi kuphatikiza miyamboyi: chinkhoswe cha pakhomo, cha abale okhaokha, ndi chikondwerero chimodzi chokha cha anthu onse. Malangizo a mkwatibwi angathe kuperekedwa m'nyumba ndi amayi oyenera, monga zinkakhalira, popanda kulipira holo.

Tsopano tione perekaniperekani mwini wakeyo, chifukwa chikhulupiriro chonse cha komiti chili pa iye. Amene adakhalapo pa tebulo la makashiya amadziwa mmene zimayendera. Mlendo amabwera ndi K5,000 zinayi, amazisintha kukhala ma K200, n'kulowa m'bwalo ndi mpukutu wa mapepala 100. Amavina, amaponya limodzilimodzi, nyimbo ikutha iye asanamalize. Otolera amasesa mapepalawo, amawathira m'lichero, amawabweza kwa makashiya, ndipo mapepala omwewo amasinthidwanso kwa mlendo wina. MC waluso amaitana makolo a kuchikazi, a kuchimuna, a kuntchito, ophunzira nawo kusekondale, kenako amapikisanitsa otsatira Bullets ndi a Manoma, mpaka onse ovala zofiira. Maso amaona ndalama zikuuluka maola atatu, koma pepala limodzi la K200 latha kuponyedwa kakhumi. Zenizeni zimadziwika madzulo, makashiya akatseka chitseko n'kuwerenga, pamene panja paima mwini zokongoletsa, mwini zokuzira mawu ndi wojambula, aliyense akudikira ndalama yake yotsala. Banki yaikulu ya Reserve yakhala ikudandaula kuti kuponya ndi kuponda ndalama pa maukwati kumazing'amba msanga ndipo kusindikiza zina kumadya chuma cha dziko. Dandaulolo n'lomveka, koma kwa akwati vuto lalikulu ndi lina: palibe amene angadziwiretu kuti m'licheromo mudzagwa zingati. Mvula yosayembekezeka, maliro a m'mudzi, kuchedwa kwa malipiro a ogwira ntchito m'boma, kapena ukwati wa munthu wotchuka tsiku lomwelo, chilichonse mwa izi chingathe kuphwetsa chiyembekezo chonse. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pomwe perekaniperekani sadziwika, ngongole imadziwika bwino lomwe, ndipo siichedwa. Mu Febuluwale 2024 banki ya Reserve idakweza chiwongoladzanja chimene mabanki amayendera kufika pa 26 peresenti, kutanthauza kuti wokongola kubanki ankalipira mozungulira pamenepo kapena kuposa pa chaka. Koma achinyamata ambiri okonza ukwati sapita n'komwe kubanki. Amapita ku banki m'khonde, kumene chiwongoladzanja chimawerengedwa pa mwezi, kapena kwa akatapila, amene amawerenga mopanda chisoni n'kutenga khadi la kubanki kapena firiji ngati chikole. Tiyerekeze kuti banja lakongola K1,000,000 pa 20 peresenti pa mwezi. Chiwongoladzanja chokha ndi K200,000 mwezi uliwonse, pomwe malipiro otsikitsitsa amene boma lidakhazikitsa mu 2024 anali K90,000. Ngati perekaniperekani wabweretsa theka lokha la ngongoleyo, banja latsopanolo limayamba moyo wake likulipira lendi ziwiri, ina ya nyumba imene akugonamo, ina ya holo imene adakhalamo masana amodzi. Pamwamba pa izi pali kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 ndalama yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Zambiri zimene zimakongoletsa ukwati wamakono, monga diresi, nsalu za zokongoletsa, maluwa apulasitiki, mphete, mafuta a galimoto za mdipiti ndi a jenereta, ndi zoitanitsa kunja. Bajeti yolembedwa mu Januwale imakhala itasanduka nthano pofika Okutobala. Nkhuku ya pakhomo, ufa wa m'nkhokwe ndi thobwa sizitsatira dola mwamsanga chotero.

Pali ena amene amatsutsa mwanzeru ndithu. Amati ukwati waukulu ndi bizinesi: ukachitira pamalo apamwamba umakoka anthu apamwamba, ndipo anthu apamwamba saponya ma K200. Zimenezi n'zoona kwa mabanja ena, ndipo n'chifukwa chake chikhulupirirochi sichifa. Mwana wa nduna kapena wa mwini kampani akamakwatira, anzawo a bambo ake amabwera ndi maenvelopu onenepa, ndipo ndalama zimatsaladi. Koma chimene chakoka maenvelopuwo si holo, ndi dzina la bamboyo ndi maubale amene adawamanga zaka zambiri. Mphunzitsi wa kupulayimale akabwereka holo yomweyo, alendo ake amakhalabe aphunzitsi anzake, a kwaya ndi abale ochokera kumudzi, ndipo matumba awo sakula chifukwa choti akhala pa mipando yovekedwa nsalu zoyera. Amene amakukonda adzaponya zomwe ali nazo kaya ndi m'holo ya tchalitchi kaya ndi kuhotela. Kusiyana kwake n'kwakuti ku holo ya tchalitchi ndalamazo zimapita kunyumba ndi akwati, zikagule matiresi, mbaula ndi thumba la chimanga, pomwe kuhotela zimathera pakhomo potuluka. Ndiponso tisaiwale kuti ndalama ya perekaniperekani ndi ngongole ya ulemu. Aliyense amene waponya lero adzakuitanani mawa, ndipo mudzayenera kukaponya. Banja limene ladya kale ndalamazo pa maluwa lidzabweza ulemuwo kuchokera m'malipiro ake kwa zaka zingapo.

Malangizo ofala a m'mayiko a azungu amati njira yachidule yochepetsera ndalama za ukwati ndi kufufuta mayina pa mndandanda wa alendo. Kwawoko n'zomveka, poti mlendo aliyense amawerengedwa mbale yake ya kuhotela. Kuno malangizo amenewa ndi msampha. Ukwati wa Chimalawi si wa anthu awiri, ndipo azakhali amene mwawasiya chifukwa makhadi anali owerengeka ndi omwewo mudzawafune pa chikuta, pa matenda ndi pa maliro. Mnansi amene mlonda wam'bweza pa geti chifukwa alibe khadi saiwala. Ngakhale ku America komweko, akatswiri a zachuma Andrew Francis-Tan ndi Hugo Mialon, omwe panthawiyo anali pa yunivesite ya Emory, atafunsa anthu oposa 3,000, adafalitsa mu 2015 zotsatira zoonetsa kuti maukwati owonongerapo ndalama zambiri sankakhalitsa kuposa enawo, ndipo nthawi zambiri ankatha msanga, pomwe maukwati amene kudabwera anthu ambiri ankaoneka okhalitsa. Kafukufukuyu sakutanthauza kuti keke yodula imasudzulitsa anthu, ndipo America si Malawi, koma zimene adapezazo zikugwirizana ndi zimene agogo athu ankachita: anthu ambiri, ndalama zochepa. Chimene chimakweza mtengo si munthu, ndi malo amene mwam'khazika ndi njira imene mwam'dyetsera. Anthu 300 odyera m'mbale zowerengedwa ndi kampani yophika ndi katundu wosasenzeka. Anthu 300 omwewo odya mpunga, nsima, nyemba, kabichi ndi mbuzi ziwiri zophikidwa m'mapoto aakulu kuseri kwa tchalitchi, n'kutsitsira thobwa, ndi chinthu chimene midzi yathu imachikwanitsa chaka ndi chaka.

Apa payenera chilungamo pang'ono. Chakudya cha m'mapoto aakulu chimatsika mtengo chifukwa pali amayi amene amadzuka mbandakucha kukasonkha moto, amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano, a Dorika, kapena anansi chabe, ndipo ambiri mwa iwo saona n'komwe akwati akulowa chifukwa ali mu utsi. Banja lofuna thandizo lawo liwapemphe mwaulemu nthawi ikadalipo, liwagulire nkhuni, sopo ndi mafuta okwanira, liwapatulire chakudya chawo chisanathe, ndipo MC awatchule mayina m'malo mongotchula eni maenvelopu. Kupulumutsa ndalama pozunza achemwali a mkwatibwi si nzeru, ndi kusamutsira ngongole pa misana ya anthu ena.

Tsono kukonza kwake kumayamba ndi nambala imodzi, osati ndi mndandanda wa zofunika. Mnyamata ndi mtsikana akhale pansi awiriwiri, komiti isanabadwe, awerenge zomwe asunga, zomwe angasunge mwezi uliwonse mpaka tsikulo, ndi zomwe makolo apereka kale m'manja. Malonjezo a abale alembedwe pa tsamba lina, ndipo asalowe mu bajeti mpaka ndalamayo itafika, chifukwa munthu amalonjeza K100,000 pagulu poopa manyazi, n'kudzazimitsa foni sabata ya ukwati. Pa nambala imeneyo achotsepo kaye lendi ya miyezi iwiri kapena itatu ya nyumba yokalowamo, ndi kangachepe koyembekezera kukwera kwa mitengo. Zotsalazo ndiye ukwati. Zigawidwe motsatira kulemera kwa zinthu: za kutchalitchi, kumzikiti kapena kwa DC poyamba, chakudya kachiwiri, mayendedwe a makolo ndi ankhoswe ochokera kumudzi kachitatu, kenako zovala, zithunzi ndi zoimbira. Zokongoletsa zidye zotsala, ngati zilipo. Komiti ikhale ya anthu ochepa odziwa kukana, chifukwa komiti ya anthu 40 imadya mafanta pa msonkhano uliwonse ndipo aliyense amabwera ndi ganizo lofuna ndalama za wina. Ndalama zisungidwe ndi anthu awiri, mmodzi wa kuchimuna wina wa kuchikazi, ndipo chilichonse chotuluka chilembedwe, pakuti mabanja ambiri amayamba kudana ukwati usanachitike chifukwa cha K50,000 yosadziwika kumene idalowera.

Tsiku nalo lili ndi mtengo wake. Chimanga, nyemba, mtedza ndi mpunga, kaya wa Kilombero wa ku Karonga kapena wa Faya wa ku Nkhotakota, zimatsika mtengo nthawi yokolola ndipo zimakwera kwambiri chakumapeto kwa chaka mpaka Febuluwale. Banja limene lagula zouma mu Meyi kapena Juni, n'kuweta nkhuku zake miyezi ingapo, lathana kale ndi gawo lalikulu la bajeti ya chakudya. M'chilimwe simufunika tenti yoteteza mvula, mthunzi wa mitengo ya pa tchalitchi kapena pa sukulu umakwanira. Mwambo wa masana, woyamba ndi kutha dzuwa likadalipo, sufuna magetsi ambiri ngakhale jenereta yobangula usiku wonse, ndipo alendo amapeza minibasi zobwerera. Madyerero akachitikira pamalo omwewo pamene ukwati wadalitsidwira, nkhani ya mdipiti wa galimoto khumi yatha yokha. Diresi lovala maola asanu ndi limodzi lingathe kubwerekedwa, kapena telala wa pamsika angasoke lansalu yabwino limene mkwatibwi adzavalenso. Suti yabwino imapezeka pa kaunjika, ndipo ikachapidwa n'kusitidwa palibe amene amafunsa kumene idachokera. Operekeza akwati khumi ndi awiri, aliyense ndi chovala chake, nsapato, tsitsi ndi masabata ophunzira magule, ndi katundu pa akwati ndiponso pa operekezawo. Awiri kapena anayi akwanira. Koma pa wojambula zithunzi pokha ndi pamene sipayenera kuumira kwambiri, poti tsikulo likadutsa chotsala n'chimenecho. Ameneyo, limodzi ndi DJ ndi aliyense wolandira ndalama yoyambira, alembe pa pepala chimene adzachite, nthawi yofika ndi ndalama yotsala, n'kusainira.

Chotsutsa cholemera kwambiri sichichokera kwa achinyamata, chimachokera kwa makolo. Mayi amene wakhala zaka makumi awiri akuvina ndi kuponya pa maukwati a ana a anzake amaona kuti tsopano yafika nthawi yake, ndipo mwana akamuuza kuti akufuna ukwati waung'ono, iye amamva ngati akumulanda ulemu umene adaugwirira ntchito. "Anthu adzati chiyani?" si funso lopusa m'dziko limene munthu amadalira anthu pa chilichonse. Koma taonani chimene mayiyo akufuna kwenikweni. Akufuna anzake abwere, avale nsalu imodzi, aimbe, alulutire, amuone akuvina kutsogolo kwa mwana wake, ndipo abweze zimene iye adaponya. Zonsezi zimatheka bwinobwino pa ukwati wa anthu ambiri ndi zoonetsera zochepa. Chimene sichitheka ndi kupikisana ndi ukwati wa mwana wa a uje umene udachitikira ku Robin's Park, ndipo mpikisano umenewo ulibe mapeto, poti Loweruka lotsatira wina adzaposa. Ngati makolo akufunitsitsa chinthu china chodula, njira yolungama ndi yakuti achilipire okha ndi ndalama zimene ali nazo, osati kuuza mwana kuti akasaine fomu ya ngongole kuntchito. Manyazi a mipando yosavekedwa nsalu amatha Lolemba. Manyazi a wakatapila wonyamula sofa m'nyumba ya akwati atsopano, anansi akuonerera, amakhala nthawi yaitali, ndipo amafikanso kwa makolo omwewo.

Ena amati ukwati umachitika kamodzi pa moyo, ndiye munthu asadzimane. Mawuwa ali ndi choona chake, makamaka kwa mtsikana amene wakhala akuliganizira tsikuli kuyambira ali wamng'ono, ndipo si bwino kumunyoza ngati kuti kufuna kukongola ndi tchimo. Bajeti yaing'ono ili ndi malo a chinthu chimodzi chapamtima, kaya ndi diresi, kaya ndi kwaya yabwino, kaya ndi keke. Imene ilibe ndi malo a zinthu khumi zapamtima. Tidaona mu 2020 kuti zambiri mwa zimene timati n'zosasiyika zimasiyika. Pa 20 Malichi chaka chimenecho, Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19 ndipo misonkhano ya anthu oposa 100 idaletsedwa. Anthu adakwatiranabe, m'matchalitchi opanda khamu ndi m'mabwalo a nyumba, ndipo palibe khoti kapena mpingo umene udati maukwati amenewo ndi osakwanira. Chimene chinkapweteka masiku amenewo chinali kusiya abale kunja kwa mpanda, osati kusowa kwa maluwa. Nanga okongoletsa maholo, ophika makeke ndi ma DJ adya chiyani tikatero? Adzadya za amene ali nazo, ndipo alipo. Telala, wogulitsa mbuzi ndi mayi wophika thobwa nawonso ndi amalonda.

Mtengo weniweni wa maukwati odulawa amaulipira ngakhale anthu amene sadachite n'komwe ukwati. M'mipingo yathu muli mabanja ambiri amene adangolowana, ali ndi ana awiri kapena atatu, ndipo adaimitsidwa kudya mgonero kapena kulandira ukalistia, osati chifukwa chokana kudalitsa ukwati wawo, koma chifukwa akudikira chaka chimene adzapeze ndalama za holo. Ena chinkhoswe chenicheni sadachite, ndiye mwamuna akamwalira, mkazi amavutika kutsimikizira abale kuti anali mkazi wa pakhomopo. Mipingo imene imadalitsa maukwati ambiri pa mwambo umodzi, kapena mkati mwa mapemphero a Lamulungu, ikuchita chinthu chanzeru, ndipo iyenera kuchichita mowirikiza ndi kuchilemekeza poyera kuti chisamaoneke ngati ukwati wa amphawi. Abusa, ansembe ndi mashehe amene amalangiza akwati za chikondi ndi kukhululukirana awonjezepo funso la ngongole, chifukwa mikangano yoyamba ya m'nyumba zambiri imayambira pamenepo.

Koma amene ali ndi mphamvu yaikulu pa nkhaniyi ndi ankhoswe. Ndiwo amene adzadzutsidwe usiku banjalo likadzayamba kukangana za malipiro othera ku ngongole, ndipo ndiwo okha amene angadzudzule makolo a mbali zonse popanda kuoneka amwano. Inu amalume ndi azakhali amene mwasankhidwa unkhoswe chaka chino, musadikire kuitanidwa kudzasinthana nkhuku pa tsiku la chinkhoswe. Pitani ku msonkhano woyamba wa komiti, ndipo wina asanatchule za mtundu wa nsalu, funsani kuti ndalama zimene zili m'manja lero ndi zingati. Wina akayankha kuti zibwera pa perekaniperekani, muuzeni kuti za perekaniperekani ndi za ana, zokayambira banja, ndipo komiti isazikhudze.